John Muir ndi Njira za M'mapiri a Sierra Nevada

Kumtunda kwa chigwa cha Yosemite, m'chigawo cha California ku America, pamalo otchedwa Happy Isles, pali chikwangwani chouza alendo kutalika kwa njira zokwera m'mapiri. Ambiri mwa anthu amene amaima pamenepo amangofuna kukafika ku mathithi a Vernal, ulendo wosakwana mailosi awiri, kukajambulitsa zithunzi ndi kubwerera dzuwa lisanapendeke. Koma m'munsi mwa chikwangwanicho mudalembedwa mtunda wa mailosi 211, kukafika pansonga pa phiri la Whitney. Mtunda umenewu uposa wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe podzera ku Zalewa, ndipo wonsewo ndi wa pansi, katundu ali kumsana. Njirayo imatchedwa John Muir Trail. Mwini dzinalo sadaione, pakuti ntchito yoilambula idayamba iye ali m'manda. Ndiponso pa moyo wake adali munthu wokonda kupatuka pa njira zopondedwa ndi kulowa m'tchire yekha. Nanga zidatani kuti munthu wotere akhale kholo la njira za alendo?

Muir adabadwa pa 21 Epulo 1838 m'tauni ya Dunbar, m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Scotland. Adali wachitatu mwa ana asanu ndi atatu. Bambo ake, a Daniel Muir, adali munthu wopembedza kwambiri koma wouma mtima, wokhulupirira kuti mwana amamva ndi mkwapulo. Pofika zaka 11, John adali ataloweza Chipangano Chatsopano chonse ndi gawo lalikulu la Chipangano Chakale, ndipo vesi loiwalika linkalipidwa ndi chikoti. M'chaka cha 1849 banjalo lidasamukira ku America nikatsegula munda m'chigawo cha Wisconsin. Kumeneko sukulu idathera pomwepo. Ntchito ya mnyamatayo idali kugwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kulima kuyambira mbandakucha mpaka mdima. Pamunda wao wachiwiri bambo ake adamlamula kukumba chitsime chakuya mapazi 90, mbali yaikulu m'thanthwe, ndi nyundo ndi tchizulo. Ankamtsitsa ndi chidebe m'mawa ndi kumkweza pa nthawi ya chakudya. Tsiku lina mpweya woipa udadzaza pansi pa chitsimecho, ndipo adamtulutsa atatsala pang'ono kutsirizika.

Bambowo sankafuna kuona mwana akuwerenga usiku, koma tsiku lina, atatopa ndi kupempha kwake, adamlola kudzuka m'mamawa monga momwe angafunire. Sadadziwe chimene adalonjeza. John adayamba kudzuka 1 koloko usiku, natsikira m'chipinda cha pansi pa nyumba, m'mene ankasema mawotchi a matabwa ndi makina ena a nzeru zake. Chimodzi mwa zopanga zake chidali bedi limene nthawi yodzuka ikakwana linkapendekeka ndi kuimiritsa mwini wake. Mu 1860 adakaonetsa zinthu zimenezi pa chionetsero cha mumzinda wa Madison, anthu nachita nazo chidwi, ndipo khomo la yunivesite ya Wisconsin lidamtsegukira. Adaphunzira za zomera, za miyala ndi za sayansi zina, akusankha yekha zimene zidamkomera, kotero kuti adachokako wopanda digiri.

Zikadapanda kusokonezeka, Muir akadakhala mmisiri wa makina, mwinanso wolemera. Adagwira ntchito ku Canada, kenaka m'fakitale yopanga mikombero ya ngolo ku Indianapolis. Koma mu Malichi 1867, akukonza lamba wa makina, tupa lidamphulumuka m'manja nilimlasa m'diso la kumanja. Posakhalitsa diso linalo lidachitanso mdima. Adagona milungu ingapo m'chipinda chotseka mazenera, osadziwa ngati adzaonanso. Maso atatseguka, adatsimikiza mtima kuti masiku ake otsala sadzawathera m'fakitale. Mu Sepitembala chaka chomwecho adanyamula kathumba ndi chipangizo choumitsira masamba, nayenda pansi mtunda wa mailosi pafupifupi 1,000 kuchokera ku Kentucky mpaka ku Cedar Key m'chigawo cha Florida. Dzikolo lidali litangotuluka m'nkhondo yapachiweniweni. Ndalama zitamthera ku Savannah, adagona masiku angapo kumanda a Bonaventure, poganiza kuti kumeneko achifwamba sangafikeko. Cholinga chake chidali kukafika ku mtsinje wa Amazon, koma malungo adamgwetsa ku Florida. Atachira adakwera sitima ya pamadzi, nafika ku San Francisco mu Malichi 1868, ndipo sadachedwe mumzindamo. Adalunjika ku mapiri a Sierra Nevada, wapansi.

M'chilimwe cha 1869 munthu wina woweta nkhosa, Pat Delaney, adamlemba ntchito yoperekeza nkhosa zoposa 2,000 ku madambo a pamwamba pa mapiri, ku Tuolumne. Delaney adamlola kuyendayenda ndi kabuku kake pamene mbusa weniweni ankayang'anira ziweto. Miyezi imeneyi ndiyo idaumba moyo wake wonse. Adaona kukongola kwa madambowo, ndipo adaonanso m'mene ankakhalira nkhosa zikadutsa: maluwa atadyedwa mpaka kumizu, nthaka itasanduka fumbi, timitsinje titadetsedwa. Nkhosazo adaziyerekeza ndi dzombe. Iye mwini adali mmodzi wa oziperekeza, ndipo ichi sadachibise.

Pano pali nkhani imene mabuku akale onena za Muir ankailumpha. Njira imene nkhosazo zidatsata popita ku Tuolumne, ndi imene Muir adadzera poolokera kum'mawa kwa mapiriwo, sidali yatsopano. Idali njira ya Mono, yopondedwa kwa mibadwo yambiri ndi eni dziko, amene ankaoloka mapiri kukasinthana mchere ndi mwala wakuda wosemera mivi ndi nthanga za mtengo wa oak, zimene ankasinja kukhala ufa. M'chigwa cha Yosemite munkakhala anthu otchedwa Ahwahneechee. Mu 1851, pa nthawi imene azungu ankathamangira golide ku California, gulu la asilikali lotchedwa Mariposa Battalion lidalowa m'chigwamo, kutentha nyumba zao ndi nkhokwe zao, ndi kugwira mfumu yao Tenaya. Madambo oyera amene alendo adawayesa munda wa Mulungu wosakhudzidwa ndi dzanja la munthu adali otero chifukwa eni ake ankawatentha pa nyengo yake kuti tchire lisakule. Muir adafika patapita zaka 17 chichitikire zimenezi. Atakumana ndi anthu a mtundu wa Mono pa njira yao yomwe, adalemba za iwo mau onyoza, ngati kuti adali alendo odetsa malo. Munthu amene ankagwada pansi kuti ayang'anitsitse kaduwa kamodzi sadathe kuyang'anitsitsa anthu amene adamlambulira njira. N'zoona kuti pambuyo pake, atayenda ndi anthu a mtundu wa Tlingit ku Alaska, adalemba za iwo mwaulemu. Komabe pa nkhondo zonse zimene adamenyera Yosemite, padalibe yomenyera eni ake a chigwacho. Otsala mwa iwo adakhalabe m'chigwamo akugwira ntchito m'mahotela, mpaka mudzi wao wotsiriza udaphwasulidwa mu 1969.

Atasiya za nkhosa, Muir adakhala m'chigwamo akucheka matabwa kwa James Hutchings, mwini hotela. Adamanga kanyumba pafupi ndi mathithi a Yosemite, napatutsa kamtsinje kuti kazidutsa m'kati mwake. Akapeza mpata ankasowa masiku angapo, atanyamula buledi wouma, tiyi ndi kabuku, nthawi zambiri wopanda ngakhale bulangeti. Pa maulendo amenewa adaona mikwingwirima pa matanthwe osalala ndi miyala ikuluikulu yokhala patali ndi kumene idachokera, natsimikiza kuti chigwacho chidakumbidwa ndi mitsinje ya madzi oundana imene inkatsetsereka pang'onopang'ono kalekale. Katswiri wamkulu wa boma la California pa za miyala, Josiah Whitney, ankaphunzitsa kuti chigwacho chidapangika pamene nthaka idatitimira mwadzidzidzi, ndipo adapeputsa Muir kuti ndi mbusa chabe. Mbusayo sadatsutse ndi pakamwa. Mu 1871 adapeza madzi oundana otere akadalipo m'mapiriwo, ndipo mu 1872 adakhoma zikhomo pa madzi oundana a paphiri la Maclure, nabweranso patapita milungu ingapo kudzayesa. Zikhomozo zidali zitasuntha pafupifupi inchi imodzi pa tsiku. Mu 1930 katswiri wina, François Matthes, adaonetsa kuti mtsinje wa Merced udayamba kukumba chigwacho ndipo madzi oundana adachikulitsa. Motero Muir adakokomeza pang'ono, koma Whitney ndiye adasokera kotheratu.

Nthawi imeneyo alendo adali atayamba kale kufika. Mu 1864 Pulezidenti Abraham Lincoln adasaina lamulo lopereka chigwa cha Yosemite ndi nkhalango ya mitengo ikuluikulu ya sequoia ya ku Mariposa m'manja mwa boma la California kuti zisungidwe. Koma bomalo lidalibe ndalama zolambulira njira, choncho lidalola anthu a malonda kutero ndi kumalipiritsa odutsa. James McCauley adalemba ntchito John Conway kuti aseme njira yokhotakhota yochokera pansi pa chigwa kukafika ku Glacier Point, pamwamba pa phompho la mapazi oposa 3,000. Njirayo idatha mu 1872 ndipo mpaka lero imatchedwa Four Mile Trail. Conway yemweyo adasemanso njira yokwera pamwamba pa mathithi a Yosemite. Mu Okutobala 1875 George Anderson, Msikotchi mnzake wa Muir, adakwera thanthwe la Half Dome, limene Whitney adati phazi la munthu silidzapondapo, pobowola mwalawo ndi kukhomamo zitsulo zomangirira chingwe. Patangopita milungu yochepa Muir adakwera pa chingwe chomwecho. Njira zolipiritsazo boma lidazigula m'zaka za m'ma 1880.

Poyamba Muir ankawaseka alendowa. Ankawaona akubwera pa akavalo atavala zokongola, kuyang'ana kumene woperekeza waloza, ndi kuthamangira ku hotela. Koma m'kupita kwa nthawi maganizo ake adasintha, ndipo kusintha kumeneku ndiko kudampanga kukhala munthu wofunika m'mbiri. Adazindikira kuti oweta nkhosa, ocheka matabwa ndi okumba migodi adali ndi owalankhulira ku Nyumba ya Malamulo, pamene phiri lidalibe. Woliteteza akadakhala yekhayo amene adaliponda ndi mapazi ake, namwa madzi ake, nagona pansi pa mitengo yake. Tsono kuti mapiri apulumuke, padafunika kuti anthu a m'mizinda akwereko, ndipo kuti akwereko padafunika njira. Kuyambira pamenepo zolemba zake m'manyuzipepala ndi m'magazini zidakhala zoitana anthu.

Mu 1880 adakwatira Louie Strentzel, nakhala zaka pafupifupi khumi akuyang'anira munda wa zipatso wa apongozi ake ku Martinez. Adabereka ana aakazi awiri, Wanda ndi Helen, ndipo adapeza chuma chokwanira moyo wake wonse. Koma thanzi lake linkafooka, ndipo mkazi wake ndiye adamkankha kuti abwerere ku mapiri ndi ku cholembera.

Mu 1889 adatenga Robert Underwood Johnson, mmodzi wa akonzi a magazini ya Century, kupita naye ku madambo a Tuolumne. Mlendoyo adafunsa kumene kudali maluwa amene Muir ankawatama m'zolemba zake. Nkhosa zidali zitamaliza. Pamoto usiku adagwirizana kuti Muir alembe nkhani ziwiri zolongosola malo oyenera kutetezedwa, ndipo Johnson akakambe ndi aphungu ku Washington. Pa 1 Okutobala 1890 lamulo lokhazikitsa paki ya Yosemite lidasainidwa. Popeza kudalibe nthambi ya boma yoyang'anira mapaki, ntchitoyo idapatsidwa kwa asilikali a pa akavalo, amene adailondera kuyambira 1891 mpaka 1914. Abusa olowa mozemba ankawatulutsira mbali ina ya paki, nkhosa zao nkuzithamangitsira mbali inanso, kuti avutike masiku ambiri pozisonkhanitsa. Asilikaliwa ndiwo adalambula njira zambiri za kutali ndi chigwa, akusema chilembo cha T pa makungwa a mitengo kuti asasokere. Ena mwa iwo, m'zaka za 1899, 1903 ndi 1904, adali asilikali akuda.

Pa 28 Meyi 1892 Muir ndi anzake adakhazikitsa bungwe la Sierra Club, iye nakhala mtsogoleri wake mpaka imfa. Chimodzi mwa zolinga zolembedwa za bungweli chidali kuchititsa kuti mapiriwo azifikika. Mu 1901 mlembi wake, William Colby, adakonza ulendo woyamba wa gulu, ndipo anthu 96, amuna ndi akazi, adakamanga misasa ku Tuolumne, katundu atasenzetsa nyulu. Ulendo wotchuka koposa udali wa mu Meyi 1903, pamene Pulezidenti Theodore Roosevelt adasiya nduna ndi madyerero amene adamkonzera, nakagona kunja masiku atatu ndi Muir. Usiku wachiwiri, pafupi ndi Glacier Point, adadzuka atakwiririka ndi chipale chofewa, Pulezidentiyo nasangalala ngati mwana. Muir sadataye mpata. Adamfotokozera m'mene boma la California linkalekerera chigwacho, ndipo mu 1906 chigwa ndi nkhalango ya Mariposa zidalowa m'paki. M'buku lake la 1912 lotchedwa The Yosemite, munthu uja ankaseka alendo adalemba mutu wathunthu wowalangiza njira zoyenera kutsata ngati ali ndi tsiku limodzi, masiku awiri kapena atatu. Ngakhale magalimoto, amene adaloledwa kulowa m'paki mu 1913, sadawakanize.

Nzeru yake idayesedwa pa chigwa cha Hetch Hetchy, m'kati mwa paki yomweyo, chofanana ndi Yosemite koma chocheperapo. Mzinda wa San Francisco unkafuna kumanga damu kumeneko. Pempholi lidali ndi maziko, pakuti mu 1906 chivomezi ndi moto zidaononga mzindawo madzi ozimira atasowa, ndipo anthu adali atatopa ndi kampani imene inkawagulitsa madzi. Gifford Pinchot, mkulu woyamba wa nthambi ya za nkhalango, amene kale adali bwenzi la Muir, adali mbali ya damu, ponena kuti chuma cha dziko chiyenera kutumikira anthu ambiri. Ngakhale m'bungwe la Sierra Club mudabuka magawano. Muir adayankha kuti madzi akadapezeka kwina, ndipo kuti paki ikaboworedwa kamodzi palibe paki imene idzakhale pabwino. Adalemba timabuku, ndipo makalata ambirimbiri adafika kwa aphungu kuchokera m'dziko lonse. Koma ku Hetch Hetchy kudalibe mseu wabwino, ndipo amene adachiona chigwacho ndi maso adali owerengeka. Ofuna damu ankati ndi dambo la udzudzu limene palibe amalifuna, ndipo mboni zowatsutsa zidachepa.

Nkhondoyo ili m'kati, nkhalambayo idakwaniritsa loto la ubwana wake. Mu 1911, ali ndi zaka 73, mkazi wake atamwalira kale mu 1905, adanyamuka yekha kukaona Amazon. Kuchokera ku South America adaolokera ku Cape Town mu Januwale 1912, nakwera sitima ya pamtunda mpaka ku mathithi a Victoria. Chimene adadzera mtunda wonsewo udali mtengo wa mlambe, umene adauwerenga m'mabuku ali mnyamata. Atafunsa pahotela, kamnyamata ka komweko ndiko kadamtsogolera kumene kudali milambe, ndipo adaijambula m'kabuku kake ndi chimwemwe chachikulu. Adatsikira ku Beira, nakwera sitima ya pamadzi kupita ku Mombasa, nakaonanso nyanja ya Victoria asanabwerere kwao.

Pa 19 Disembala 1913 Pulezidenti Woodrow Wilson adasaina lamulo lolola damu. Patapita chaka, pa 24 Disembala 1914, Muir adamwalira ndi chibayo m'chipatala cha ku Los Angeles ali ndi zaka 76, mapepala a buku lake lonena za Alaska ali pambali pake. Adaikidwa ku Martinez pafupi ndi mkazi wake. Damu lidatha mu 1923, chigwa nichimira. Koma mkangano uja udatsegula anthu maso, ndipo mu 1916 boma lidakhazikitsa nthambi yoyang'anira mapaki onse.

Ganizo la njira yotsata msana wa mapiri a Sierra Nevada silidali la Muir. Lidachokera kwa Theodore Solomons, amene mu 1884, ali mnyamata wa zaka 14, adayang'ana nsonga zoyera za mapiriwo akuweta ng'ombe pafupi ndi Fresno, nalakalaka kuyenda pamwamba pake kuchokera kumpoto mpaka kumwera. Iye ndi Joseph LeConte adatha zaka zambiri akufufuza mipata yodutsika. Muir atamwalira, anzake a m'bungwe adapempha kuti njirayo ikhale chikumbutso chake, ndipo mu 1915 Nyumba ya Malamulo ya California idapereka madola 10,000 oyambira ntchito. Idatenga zaka 23, pakuti kumeneko munthu amagwira ntchito miyezi yochepa ya chilimwe yokha, ndipo malo ena padafunika kuswa thanthwe ndi mabomba. Gawo lotsiriza, makwerero osemedwa m'mwala otchedwa Golden Staircase, lidatha mu 1938. Njirayo imadutsa m'mapaki atatu, Yosemite, Kings Canyon ndi Sequoia, nikathera pa mapazi 14,505, pamene Sapitwa wa ku Mulanje sakwana mapazi 10,000. Phiri limene ikathera lidatchedwa dzina la Josiah Whitney, uja adati Muir ndi mbusa chabe.

Alendo amene Muir adawaitana adabweradi, mwina koposa m'mene adayembekezera. Mu 2016 ofika ku Yosemite adapitirira 5 miliyoni. Wofuna kuyenda njira yonseyo, ulendo wa milungu pafupifupi itatu, ayenera kupeza chilolezo, ndipo ofunsira amachuluka kuposa malo, kotero kuti amachita maere. Ayeneranso kunyamula chakudya chake m'chigubu cholimba chimene chimbalangondo sichingatsegule. Mu 2020 bungwe la Sierra Club lidavomera poyera kuti woyambitsa wake adalemba mau onyoza eni dziko ndi anthu akuda. Ena mwa anthu a mtundu wa Paiute, amene makolo ao ankaoloka mipata yomweyo, amaitcha njirayo Nüümü Poyo, kutanthauza njira ya anthu. M'madambo ena m'mbali mwake, woyenda akayang'ana pansi amaona tizidutswa ta mwala wakuda wonyezimira ngati galasi, zotsalira pamene munthu wina adakhala pansi kalekale akusema muvi. Lamulo la paki limaletsa kutitola.